Hamala kapena mfuti ya misomali? Tiyeni tiwerengere kaye tisanagule

Mwezi wathawu mnyamata wina wa Fomu 3 wa ku Lobi anandipeza titaweruka, ali ndi funso lomwe mulibe m'buku lathu la Physics. Iyeyu Loweruka ndi pa holide amathandiza amalume ake ukalipentala. Amakhoma timipando, mashelefu, mafulemu a zithunzi ndi timatebulo ta pabalaza, ndipo ndalama yake ndi imene imalipira fizi. Achimwene ake ali ku Joni. Anamuuza pa foni kuti akubwera mu Disembala, ndiye asankhe chida chimodzi choti amugulire. Chimodzi basi.

Mnyamatayu anali ataona pa foni kachida kokhomera misomali kongoti tha! tha! tha! fulemu yatha.

"Aphunzitsi, ndiwauze agule imeneyi? Nanga yotchipa koma yolimba ndi iti?"

Ndinamuuza kuti akhale pansi, atulutse kope ndi cholembera. Funso lakelo ndi la ndalama, koma yankho lake lili mu mitu yomwe mumaiwerenga pokonzekera MSCE: force, pulesha, energy ndi malamulo a mpweya. Zimene tinawerengera tsiku limenelo ndi izi.

Chidachi n'chiyani kwenikweni?

Anthu amachitcha mfuti ya misomali. Zilipo zamitundumitundu. Zina n'zazikulu, zokhomera mitengo ya denga. Imene mnyamatayu ankafuna ndi ya ntchito zomalizitsa, pa Chingerezi finish nailer. Imakhoma timisomali tochepa thupi, ta mutu waung'ono, tolowa mpaka kubisala m'thabwa. Pamatsala kabowo kakang'ono koti n'kumata, ukapaka vanishi osaonekanso.

Kunenepa kwa timisomali timeneti amakuyeza ndi nambala yotchedwa geji. Chenjerani apa, chifukwa nambala ikamakula msomali ukuchepa. Geji 15 ndi pafupifupi mamilimita 1.8, geji 16 ndi 1.6, geji 18 ndi 1.2, ndipo geji 23 ndi 0.6, kungokhala ngati singano. Finish nailer yeniyeni imadya geji 15 kapena 16. Ya geji 18 amaitcha brad nailer, ndipo misomali yake pa bokosi amailemba kuti F30 kapena F50, kutanthauza kutalika kwa mamilimita 30 kapena 50. Mfuti iliyonse imadya geji yakeyake. Misomali ya pa sikelo yomwe timagula pa msika singalowemo, chifukwa ya mfuti imabwera yomatidwa pamodzi m'mizere. Mfundo imeneyi isungeni, tibwereranso.

N'chifukwa chiyani msomali umalowa m'thabwa?

Tengani msomali, muugwire pakati pa chala chachikulu ndi chala cholozera, kumutu kuli uku, kunsonga kuli uku. Finyani pang'ono. Pang'ono ndithu! Chala cha kunsonga chikumva kuwawa, cha kumutu ayi. Komatu force ndi yofanana mbali zonse ziwiri. Chasiyana ndi malo amene force imeneyo yagwera.

Pulesha = force ÷ area

Tiyerekeze kuti mwafinya ndi 20 N. Mutu wa msomali uli ndi area ya 20 mm², nsonga 0.2 mm². Kumutu pulesha ndi 20 ÷ 0.00002 m², yomwe ndi 1,000,000 Pa. Kunsonga ndi 20 ÷ 0.0000002 m², yomwe ndi 100,000,000 Pa. Mwaonatu? Force yomweyo, koma kunsonga pulesha yakula ka 100. Ndicho chifukwa chake nsonga imaboola thabwa pamene mutu sulowa m'hamala. Khasu lonola, mpeni wakuthwa ndi singano zonse zimagwira ntchito pa mfundo yomweyi.

Hamala imatenga kuti mphamvu zonsezi?

Yesani kukankha msomali m'thabwa ndi hamala osamenya, kungotsamira chabe. Sulowa. Koma kamwana ka Sitandade 5 kakamenya, umalowa. Chinsinsi ndi liwiro.

Hamala ikamayenda imakhala ndi kinetic energy:

KE = ½ × m × v²

Titenge hamala yolemera 0.5 kg, ikutsika pa liwiro la 8 m/s. KE = ½ × 0.5 × 8 × 8 = 16 J. Ikagunda msomali imaima mwadzidzidzi, ndipo energy yonseyo iyenera kupita kwinakwake. Tinene kuti msomali walowa sentimita imodzi, 0.01 m. Popeza work = force × distance, force = 16 ÷ 0.01 = 1,600 N.

1,600 N ndi kulemera kwa zinthu za makilogalamu pafupifupi 160. Ndiye kuti kwa kanthawi kochepa zedi, pamutu pa msomali pamakhala ngati pasanjikidwa matumba atatu a chimanga a 50 kg ndi ndowa pamwamba. Kuchokera m'dzanja lanu lomweli.

Onaninso v² ija. Mukawonjezera kulemera kwa hamala kawiri, energy ikula kawiri. Koma mukawonjezera liwiro kawiri, energy ikula kanayi. N'chifukwa chake amisiri amagwira hamala kumapeto kwa mpini, osati pafupi ndi mutu. Mpini wautali umapatsa mutu liwiro.

Sikuti energy yonse imalowetsa msomali. Ina imasanduka phokoso, ina kutentha. Khomani msomali m'thabwa lolimba kenako muukhudze kumutu, mumva kuti wafunda.

Nanga chimaugwira n'chiyani ukalowa?

Thabwa lili ngati mtolo wa timapesi tating'onoting'ono togona mbali imodzi, kutsata kutalika kwa mtengo. Msomali ukamalowa umakankhira timinyewa timeneti pambali, ndipo ito timafuna kubwerera pamalo pake, ndiye timaufinya mbali zonse. Kufinyako kumabweretsa friction, ndipo friction ndi imene imagwira msomali. Palibe guluu, palibe mazinga ngati a sikuluwu.

Mukamvetsa zimenezi, malamulo a amisiri amayamba kumveka okha:

Msomali wautali umagwira kwambiri chifukwa mbali yokhudzana ndi thabwa ndi yaikulu. Amisiri ambiri amatenga msomali wotalika kawiri ndi theka kapena katatu kuposa kunenepa kwa thabwa lomwe akulikhomerera. Thabwa la mamilimita 12, msomali wa 30 mpaka 36.

Msomali wokhomedwa kumapeto kwa thabwa, motsata minyewa, sugwira bwino. Umangolowa pakati pa timapesi tija ngati mwalowetsa kamtengo mu mtolo wa udzu.

Thabwa laliwisi limapusitsa. Lero msomali wagwira, koma thabwa likamauma limafota, kufinya kuja kumachepa, mpando n'kuyamba kugwedera. Ku Dedza kuno paini ndi wosavuta kupeza chifukwa cha nkhalango zobzala za ku Chongoni ndi phiri la Dedza, koma matabwa ambiri amafika pa msika asanaume. Asanjikeni pamthunzi, timitengo pakati kuti mphepo izidutsa, ayambe auma.

Mtundu wa mtengo nawo ndi nkhani. Paini ndi wofewa, msomali umalowa mosavuta. Bulugamu wouma, mlombwa ndi mbawa n'zolimbirapo, ndipo kamsomali kochepa kamatha kupindika kapena kung'amba thabwa, makamaka kufupi ndi m'mphepete.

Pali kanjira kena komwe amalume a mnyamata uja amachita osadziwa kuti ndi sayansi. Asanakhome m'mphepete, amautembenuza msomali n'kuumenya kunsonga kamodzi kuti ubunthe. Msomali wosongoka umalowa ngati mphero yowazira nkhuni, kupatula minyewa mpaka thabwa kung'ambika. Wobuntha umadula ndi kuphwanya minyewa yomwe ili kutsogolo kwake, ndiye thabwa siling'ambika msanga. Ukagwiridwe kake kamachepako pang'ono, koma thabwa lapulumuka. Pa mtengo wolimba kwambiri, boolani kaye kabowo kochepera pang'ono kuposa msomali.

M'kati mwa mfuti muli chiyani?

Mfuti yofala kwambiri ndi ya mpweya. Imalumikizidwa ndi paipi ku kompuresa, makina omwe amapopa mpweya n'kuusunga m'thanki, ngati aja opopera matayala a galimoto.

Apa ndi pamene pamalowa Robert Boyle, yemwe mu 1662 anafotokoza kuti ukapanikiza mpweya m'malo ochepa, pulesha yake imakwera, bola kutentha kusasinthe:

P₁V₁ = P₂V₂

Malita 6 a mpweya mukawapanikiza kuti akwane mu lita imodzi, pulesha ikula ka 6. Mumachita zimenezi tsiku lililonse ndi pampu ya njinga. Tsekani kukamwa kwa pampu ndi chala n'kukankha, mumva mpweya ukukubwezani.

Mfuti zambiri za ntchito yomalizitsa zimafuna pulesha ya pakati pa 5 ndi 8 bar. Bar imodzi ndi 100,000 Pa. M'kati mwa mfuti muli pisitoni yolumikizidwa ku kachitsulo kowongoka. Mukakoka chowombera, valavu imatseguka, mpweya umakankha pisitoni, kachitsulo kaja n'kumenya msomali.

Tiwerengere. Tiyerekeze pisitoni yotambalala masentimita 3. Area yake ndi pafupifupi 7 cm², kapena 0.0007 m². Pa 6 bar, force = 600,000 × 0.0007 = 420 N.

Mnyamata uja atafika apa anadabwa. "Aa! Ndiye hamala ikuposa? Ija inali 1,600."

Eetu, koma taonani mtunda. Hamala inakankha sentimita imodzi yokha n'kuima. Mpweya umakankhabe pisitoni ulendo wonse, tinene masentimita 7. Work = 420 × 0.07, pafupifupi 29 J. Ndi energy yoposa ya hamala ija, yoperekedwa kamodzi n'kamodzi, molunjika, pa msomali wochepa thupi womwe wagwiridwa mbali zonse m'kanjira kake kuti usapindike. Ubwino weniweni wa mfuti ndi umenewu. Imafulumira, siphonya n'kutupitsa thabwa, ndipo dzanja lina limakhala lomasuka kugwira ntchito. Koma msomali ukalowa, chougwira ndi friction yomwe ija. Mpando wokhomedwa ndi mfuti suposa kulimba wokhomedwa bwino ndi hamala.

Kanthu kena ka kwathu kuno. Dedza boma ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere. Pamtunda wotere pulesha ya mpweya wotizungulira ndi pafupifupi 84 kPa, pamene m'mphepete mwa nyanja yamchere ndi 101 kPa. Mpweya ndi wopepukirako, ndiye kompuresa imakoka wochepa pa kupopa kulikonse ndipo imatenga nthawi yotalikirapo kudzaza thanki kusiyana ndi mmene ingachitire ku Beira kapena ku Durban. Nthawi yotalikirapo ndi magetsi ambirinso.

Energy ichokera kuti?

Funso lalikulu ndi limeneli. Hamala imadya nsima yomwe mwadya inuyo. Mfuti imafuna gwero lina, ndipo magwero ake ndi atatu.

Yoyamba ndi ya mpweya. Mfuti yakeyo payokha ndi imene imakhala yotchipa, yopepuka, ndipo m'kati mwake mulibe zambiri zoti n'kuwonongeka, makamaka timalabala tozungulira totseka mpweya. Msampha uli pa kompuresa. Popanda iyo mfutiyo ndi chitsulo chabe. Kompuresa yaing'ono ya 1,500 W pa magetsi athu a 230 V imakoka 1,500 ÷ 230, pafupifupi 6.5 A, ndipo pa nthawi yoliza imakoka kangapo kuposa pamenepo. Kasola ka panyumba kounikira ndi kutchajira mafoni sikangaimve n'komwe. Pamafunika magetsi a ESCOM kapena jenereta yamphamvu, ndipo magetsi akazima ntchito imatha pamene thanki yaphwa.

Yachiwiri ndi ya batire. Zambiri ndi za 18 V. M'kati muli kamota komwe kamazunguza gudumu lolemera, kapena kupanikiza mpweya wotsekeredwa, kapena sipuling'i, n'kumasula energy yonseyo kamodzi. Batire ya 18 V, 2 Ah imasunga 18 × 2 = 36 Wh, yomwe ndi 36 × 3,600 = 129,600 J. Mukagawa ndi 29 J mupeza misomali yoposa 4,000. Koma zenizeni zake batire yotere imakhoma mazana angapo basi, chifukwa energy yambiri imatayika ngati kutentha m'mota ndi m'magiya. Imeneyo ndiyo efficiency yomwe timaphunzira ija. Ubwino wake, 36 Wh ndi yochepa moti sola yokhala ndi inveta ikhoza kuitchaja. Kuipa kwake, mfutiyi ndi yodula komanso yolemera, batire imakalamba pakapita zaka, ndipo batire ya kampani ina silowa m'chida cha kampani ina. Ya Makita siingalowe mu DeWalt.

Yachitatu ndi ya gasi, yomwe kampani ya Paslode inayamba kugulitsa mu 1986. Kabotolo ka gasi kamathira pang'ono m'kachipinda, kamoto n'kuyatsa, kuphulikako n'kukankha pisitoni ngati mu injini ya njinga yamoto. Imagwira bwino, koma kabotolo kakatha muyenera kugula kena ka mtundu womwewo. Kwa munthu wa ku Lobi, imeneyi ingoiwalani.

Mafunso asanu musanatulutse ndalama

Loyamba: ndili ndi gwero la energy lomwe chidachi chikufuna, masiku onse omwe ndimagwira ntchito?

Lachiwiri: misomali yake ndikaipeza kuti? Ngati bokosi likatha muyenera kutsika msewu wa ku Linthipe n'kukwera minibasi ya ku Lilongwe kapena ku Dedza boma, thiransipoti imeneyo ndi gawo la mtengo wa msomali uliwonse. Funsani m'mahadiweya kaye geji yomwe amakhala nayo nthawi zonse, kenako musankhe mfuti yodya geji imeneyo. Osayamba ndi mfuti.

Lachitatu: ikawonongeka akonza ndani, ndipo timalabala ndi kachitsulo komenyera kaja zimapezeka? Onaninso ngati kukamwa kwake kumatseguka mosavuta msomali ukakakamira, chifukwa umakakamira ndithu.

Lachinayi: chalembedwa mavoti angati? Malawi ndi South Africa tonse tili pa 230 V, kungoti pulagi ndi yosiyana, ndiye pamangofunika adaputa. Koma tchaja kapena kompuresa ya kaunjika yochokera ku America imakhala ya 120 V, ya ku Japan 100 V. Mukailumikiza mwachindunji kuno, ndi utsi.

Lachisanu: ndimakhoma misomali ingati pa sabata? Tiyerekeze kuti hamala ndi panchi zimatenga masekondi 20 pa msomali, mfuti masekondi atatu. Mwapulumutsa masekondi 17. Pa misomali 100 pa sabata ndi masekondi 1,700, osakwana theka la ola. Pa misomali 2,000, monga wokhoma siling'i m'nyumba zingapo, ndi maola oposa 9, tsiku lathunthu la ntchito. Chida chomwecho, kwa wina n'chopindulitsa, kwa wina ndi ndalama yogona.

Dzina loti mfuti si lachibwana

Ku United States, bungwe la CDC linapeza kuti pakati pa 2001 ndi 2005 anthu pafupifupi 37,000 pa chaka ankathamangira nawo kuchipatala atavulala ndi mfuti za misomali, ambiri m'manja ndi m'zala. Chowombera chilipo cha mitundu iwiri. China chimalola kuti ukachigwirizira, mfuti iziwomba paliponse pamene kukamwa kwagunda, ngakhale pa mwendo wa mnzako. China chimafuna kuti uyambe watsamiritsa kukamwa pa thabwa kenako n'kukoka, msomali umodziumodzi. Chachiwirichi, chotchedwa sequential trigger, ndicho chotetezeka, ndipo wophunzira asankhe chimenechi.

Valani magalasi oteteza maso. Dzanja logwira thabwa likhale kutali kuposa kutalika kwa msomali, chifukwa kamsomali kochepa kakagunda mfundo ya paini kamakhota n'kutulukira pambali. Chotsani paipi kapena batire musanatokose msomali wokakamira. Thanki ya kompuresa izikhuthulidwa madzi mukaweruka, chifukwa mpweya wopanikizidwa ukazizira chinyezi chake chimasanduka madzi, ndipo madziwo amadyetsa thanki dzimbiri kuchokera m'kati.

Ndipo msomali uliwonse ukakubayani, wa mfuti kapena wa pansi, tsukani bala ndi sopo n'kupita kuchipatala kukafunsa za katemera wa kafumbata. Anthu amati kafumbata amabwera ndi dzimbiri. Ayi. Amabwera ndi bakiteriya wotchedwa Clostridium tetani, yemwe amakhala m'dothi ndi m'ndowe, ndipo amakonda bala lakuya lopapatiza momwe mpweya sufika. Msomali wonyezimira womwe wagwera m'dothi ndi woopsa chimodzimodzi.

Ndiye mnyamata uja tinagwirizana zotani?

Tinawerenga misomali yomwe iye ndi amalume ake amakhoma: siipitirira mazana awiri pa sabata. Pamalo pawo palibe magetsi a ESCOM, pali sola yaing'ono. Kompuresa inagwa pa funso loyamba, ya gasi pa lachiwiri, ya batire pa lachisanu.

Ntchito yomwe ankaisirira ija, ya misomali yosaoneka, imatheka ndi zida zotchipa kwambiri. Mugule timisomali tochepa ta mutu waung'ono, tomwe m'mahadiweya amati ma panel pin. Khomani ndi kahamala kopepuka mpaka mutu utsale pang'ono, kenako muumize ndi panchi, kachitsulo kosongoka koika pamutu pa msomali. Ngati panchi palibe, msomali waukulu wobunthitsidwa kunsonga umagwira ntchito yomweyo. Kabowoko matani ndi utuchi wosalala wa thabwa lomwelo wosakaniza ndi guluu, kakauma kwechani ndi sandipepa. Ndipo musaiwale guluu pa mfundo yeniyeniyo. Pa mafulemu ndi timashelefu, guluu ndi amene amanyamula katundu, timisomali timangogwirizira kuti aume zinthu zili m'malo.

Mnyamatayo anaganiza kaye, kenako anati, "Ndiye bola adzandigulire dirilo ya batire. Ndiziboola timabowo pa bulugamu, ndizimanganso masikuluwu." Ndinamufunsa mafunso asanu aja pa dirilo, ndipo anawayankha yekha. Anawonjezeranso kuti asankha kampani yomwe ilinso ndi mfuti ya misomali ya batire yomweyo, kuti tsiku lomwe adzapeze ntchito ya siling'i, kaya atamaliza maphunziro a TEVETA, adzangogula mfuti yokha. Imeneyo sindinamuuze ine.

Yesani nokha

Pezani zidutswa ziwiri za paini wouma ndi misomali 10 yofanana. Isanu muibunthitse kunsonga, isanu muisiye. Khomani yonse pa mtunda wa sentimita imodzi kuchokera kumapeto kwa thabwa, yosongoka pa chidutswa china, yobuntha pa chinacho. Werengani ming'alu. Lembani zomwe munasunga zofanana, chomwe munasintha, ndi chomwe munayeza. Pakhale wamkulu pafupi.

Mafunso obwereza

1. Hamala ya 0.4 kg ikuyenda pa 10 m/s ndipo yalowetsa msomali masentimita awiri. Pezani kinetic energy ndi force yomwe yakankha msomali.
2. Pisitoni ya area 0.0005 m² ikukankhidwa ndi mpweya wa 7 bar. Force ndi ingati?
3. Malita 24 a mpweya wa 84 kPa apanikizidwa mpaka malita 4, kutentha osasintha. Pulesha yatsopano ndi ingati?
4. Fotokozani chifukwa chake mpando wokhomedwa ndi matabwa aawisi umayamba kugwedera pakapita miyezi.

Mayankho a masamu: 1. 20 J ndi 1,000 N. 2. 350 N. 3. 504 kPa. La nambala 4 kafunseni kalipentala wa kwanuko, kenako muyerekeze zomwe anene ndi zomwe mwawerenga pa friction.